Bomba la Chitsanzo

Kale dziko lamphamvu la Mkokomo linali ndi mabomba a nyukiliya odzaza nkhokwe. Koma litamva kuti dziko laling'ono la Kaphiri likusula lake limodzi, linasowa tulo. Linatuma kazembe wake, Bambo Chimbalanga, kwa nduna ya ku Kaphiri, Mayi Nasimango.

"Lamulo ndi ili," anatero kazembe. "Bomba lotere likapezeka pa nthaka yanu, boma lanu lilande, mwini wake asadzalionenso. Mukakana, titseka misewu, mankhwala asalowe."

Amisiri a ku Kaphiri anali atalephera kale kusula bombalo, koma Mayi Nasimango sanaulule.

"Tamva, bwana," anatero akuwomba m'manja. "Koma apolisi athu bomba salidziwa. Dzulo analanda thanki ya madzi kusukulu. Mutabweretsa lanu limodzi kuti alione, sangalakwitsenso."

Kazembe anaseka umbuli wawo, nabweretsa bomba pa ndege, lopukutidwa bwino. Litangotsitsidwa, apolisi analikokera m'nyumba ya zida, natseka chitseko.

"Ndi lathu limenelo!" anakuwa kazembe.

"Lapezeka pa nthaka yathu, bwana," anayankha Mayi Nasimango. "Ife tinaleredwa kumvera akuluakulu. Mwini wake asadzalionenso."

Misewu sinatsekedwe. Kuyambira tsiku limenelo, kazembe akafika ku Kaphiri amayamba ndi "odi".