Sikuta ya Mai Likaka ndi Duwa la a Daisoni

Ana inu, pali mwambi umene ndinkakonda kuunena m'kalasi, makamaka kwa ana ojomba aja amene m'mawa mwake ankanong'oneza anzawo kuti, "Iwe, dzulo aphunzitsi anati chiyani?" Ena adzakuuzani kuti mwambiwu ndi wakale kuposa njinga zamoto. Musalimbane nawo, mwina akunena zoona. Koma kwathu ku Bvumbwe, kumene ng'ombe za mkaka zimadya bwino kuposa eni ake, ife timaufotokoza motere.

Kunali mayi wina wamasiye, Mai Feliya Likaka. Amuna awo pomwalira anawasiyira ng'ombe ziwiri za mkaka, Nyenyezi ndi Masokosi. Pa nkhani ya ng'ombe, mayiwa anali ndi makutu. Mlangizi wa ziweto akabwera, ankasiya chilichonse n'kukaima pambali pake m'khola, kufunsa ichi, kufunsa icho, mpaka mlangiziyo kumayang'ana kunjira. Ng'ombe ikangosintha kaliridwe, iwo ankadziwa kuti china chake chalakwika.

Vuto lawo linali mtunda. Malo amene alimi ankaperekako mkaka kuti ukazizire anali kutali, ndipo panjira panali chitunda chachitali. Mai Likaka ankamangirira zigubu panjinga yakapalasa n'kumakankha, maondo akulira. Tsono mkaka sudikira munthu. Ukafika mochedwa, dzuwa litautentha, oyeza aja ankangoununkhiza n'kuubweza.

Ataganiza kwa nthawi yaitali, anagulitsa Nyenyezi, ng'ombe imene inkatulutsa mkaka wambiri, n'kugula kanjinga kamoto kaja ka matayala ang'onoang'ono kamene amati sikuta. Tsiku limene ogula anabwera kudzatenga Nyenyezi, mayiwa analira, sindikubisirani. Koma anadzilimbitsa mtima ponena kuti sikutayo idzanyamula mkaka wa Masokosi ndi wa anansi omwe, ndipo m'kupita kwa nthawi idzabweza ng'ombe m'khola.

Sikutayo anaigula kwa a Chikopa, makaniko amene anali ndi kagalaja m'mbali mwa msewu waukulu. A Chikopa anali munthu wosakonda zonamiza anthu.

"Mayi, njingayi si yatsopano ayi," anatero, "koma moyo ilinawo. Isiyeni kaye ndiikonze pang'ono. Lachisanu mubwere ndidzakuonetseni kasamalidwe kake. Mubwere inuyo eni ake, mwamva?"

"Ndamva, bambo."

Lachisanu linafika ndi ntchito zake. Nsenjere za Masokosi zinali zitatha, khola linkafuna kusesa, zovala zili mulu. Komanso mumtima mwawo Mai Likaka ankati zazitsulo ndi za amuna, iwo akakamvako chiyani? Kuyendetsa anali ataphunzira kale pa njinga ya mbale wawo, ndiye ankaona ngati chatsala n'chochepa. Choncho anaitana alamu awo, a Daisoni, mng'ono wa malemu amuna awo. A Daisoni anali bambo wa malaya osita bwino ndi pakamwa pokoma, ndipo ankadziwa kukwera njinga yamoto.

"Alamu, pitani mukanditengere njinga ija. Zimene akanene a Chikopa mukandimverere bwinobwino."

"Alamu, zimenezo n'zazing'ono," anayankha a Daisoni. "Ine chinthu chikalowa m'khutu muno sichitulukanso."

Tsono pafupi ndi galaja ya a Chikopa panali mayi wina, Mai Esitere, amene ankagulitsa mbande za maluwa m'timachubu takuda. Anali atazindandalika m'mizere mpaka m'mphepete mwa galajayo. A Daisoni atafika, maso awo anayamba kuona Mai Esitere asanaone sikuta.

A Chikopa atamva kuti mwini wake sanabwere, anapukusa mutu. Komabe anagwada pambali pa sikuta n'kuyamba kufotokoza.

"Achimwene, mumvetsetse. Njingayi imamwa mafuta amitundu iwiri. Petulo mumathira apa pansi pa mpando. Ameneyo akatha, njinga imangoima, mukathira ina mukupita. Koma pansi apa pali mafuta a mu injini, oyilo. Mukamasula kachitsekerero aka, kali ndi kandodo kopimira, mwaona? Injini iyi imadontha pang'ono, ndiye Lamulungu lililonse azipima, akachepa aziwonjezera. Mwezi ukatha abwere nayo tidzakhuthule wakaleyo. Oyilo akatha, injini imafa."

"Pitirizani, ndikumva," anatero a Daisoni, uku akubwerera chafutambuyo pang'onopang'ono.

A Chikopa anapitiriza, mutu uli pansi. Ananena za mpweya wa m'matayala, za mabuleki, za kuyeretsa pulagi. Sankadziwa kuti akulankhula ndi sikuta yokha. Nthawi imeneyo n'kuti a Daisoni ataima pakati pa maluwa, atanyamula kambande kamodzi ngati munthu amene wakhala akufuna duwa moyo wake wonse.

"Limeneli silifuna dzuwa lambiri," Mai Esitere ankawauza. "Mukaliike pamthunzi. Madzi m'mawa uliwonse, osadumphitsa. Likayamba kuoneka mwachilendo musachite mantha, limatero likamazolowera malo atsopano."

"Pamthunzi, madzi m'mawa," a Daisoni anabwereza akumwetulira. Mawu amenewa ndiye analowadi m'khutu osatulukanso.

A Chikopa atadzutsa mutu anaona munthu wawo ali patali. Anakuwa kuti, "Achimwene! Za mafutazi mwamva? Asamathe!"

"Ndamva, bwana! Asamathe!"

Anakwera sikuta, duwa lili pakati pa mapazi, n'kubwerera kumudzi. Panjira anayesa kukumbukira zimene anatumidwa, koma m'mutu mwawo mawu a makaniko ndi a wogulitsa maluwa anali atasakanikirana ngati nyemba ndi chimanga m'thumba limodzi. Kunena kuti sindinamve kunawachititsa manyazi.

Atafika, Mai Likaka anawafunsa, "Nanga akuti chiyani a Chikopa?"

"Aa, zosavuta alamu. Akuti mafuta asamathe. Chachiwiri, sifuna dzuwa lambiri, muziiimika pamthunzi. Chachitatu, madzi m'mawa uliwonse. Ndipo akuti ikayamba zachilendo musachite mantha, imatero ikamazolowera malo atsopano."

"Basi?"

"Basi. Duwa ili ndakugulirani, mudzale pakhomo."

Mai Likaka anali munthu womvera malangizo, ndipo anawasunga onse. Petulo sankatha m'thanki. M'mawa uliwonse ankaitsuka sikuta ija mpaka kuwala, ndipo akabwerako ankaiimika pansi pa mtengo wa mapeyala. Anansi anayamba kuwapatsa zigubu zawo kuti aziwaperekera. Akamadutsa pamsewu, anthu ankaseka n'kumati, "Onani Mai Likaka akwera Nyenyezi!" Iwo ankangoliza hutala, mtima uli mbee.

Patapita milungu ingapo, anaona timadontho takuda pansi pamene sikuta inkagona. Anafunsa alamu awo.

"Ndi thukuta limenelo," anatero a Daisoni. "Chinthu chogwira ntchito chilephera bwanji kutuluka thukuta?"

Kenaka kaliridwe ka injini kanasintha. Poyamba inkalira mosalala, tsopano inayamba kugogoda, ndipo pokwera chitunda inkatulutsa fungo la chinthu chopserera. Apa ndiye pamene ine mayiwa amandikwiyitsa. Akanakhala Masokosi wasintha kaliridwe, bwenzi atathamangira kwa mlangizi tsiku lomwelo, nsapato zili m'manja. Koma galaja inali mbali ina, kopereka mkaka mbali ina, ndipo uthenga uja unati musachite mantha. Anadziuza kuti ikuzolowera.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala kunacha kotentha. Mai Likaka anamangirira zigubu zawo ndi za anansi, sikuta inalemedwa, n'kunyamuka. Atafika pakati pa chitunda chija, injini inagogoda mwamphamvu, inalira ngati munthu akukhwekhwereza lata pamwala, kenaka zii. Anatsika. Anatsegula thanki, petulo alimo wodzaza. Anayesa kuiliza, osatheka. Anaponda chopondera cholizira injini ndi mphamvu zawo zonse, koma chinali gwa, osasuntha.

Anaikankhira pamthunzi, poganiza kuti mwina dzuwa laipweteka. Anapempha madzi panyumba ina yapafupi n'kuithira. Chitsulo chinangoti tswee, nthunzi kuti fuu. Anadikira, anayesanso, koma ayi ndithu. Pamene ankapeza anthu owathandiza kunyamula zigubu, dzuwa linali lili paliwombo, ndipo mkaka wonse unabwezedwa, wawo ndi wa eni ake omwe.

M'mawa mwake sikuta inapita kwa a Chikopa itagona m'ngolo. Mai Likaka anatenga alamu awo kuti akhale mboni, chifukwa mumtima anali atakonzeka kukalalata kuti anawagulitsa chinthu chakufa.

"Bambo Chikopa, ine zonse munanena ndachita," anayamba motero. "Mafuta sanathepo n'kamodzi komwe. Taonani nokha."

A Chikopa sanayang'ane n'komwe thanki. Anagwada, anamasula kachitsekerero kapansi kaja, n'kutulutsa kandodo. Kanali kouma. Anakapukuta pachala, chala osada.

"Mayi, oyilo munathira liti?"

"Oyilo wake uti?"

"Mafuta a mu injini. Apa."

Mai Likaka anawerama n'kuyang'anitsitsa. Miyezi yonseyi ankatsuka kachitsekerero kameneko m'mawa uliwonse, osadziwa kuti kamatseguka.

"Injini yanoka iyi," anatero a Chikopa mofatsa. "Zitsulo zam'kati zakhulana zouma mpaka zagwirana. Kodi uthenga wanga unafika wotani?"

Mayiwa anawerengera pa zala. "Mafuta asamathe. Pamthunzi. Madzi m'mawa uliwonse. Ikayamba zachilendo ndisachite mantha, ikuzolowera malo atsopano."

Amene anayankha anali Mai Esitere, amene ankathirira mbande zawo chapafupi. Anaika chitini pansi n'kugwira m'chiuno.

"Iii, koma abale! Mawu amenewo ndi anga. Ndinkawauza bambo awa za duwa limene anagula!"

Anthu amene anali pagalaja anafa nacho chiseko. A Daisoni anayang'ana nsapato zawo, anakanda m'mutu, n'kunena motsitsa kuti, "Komatu za mafutazo ndinanena."

Mai Likaka okha sanaseke. Anakhala pa tayala lakutha, maso ali pa sikuta, ndipo chimene ankaona pamenepo sichinali chitsulo. Ankaona Nyenyezi akutuluka m'khola, chingwe chili m'khosi.

"Ingakonzeke?" anafunsa.

"Ingakonzeke, koma zam'kati zambiri n'zofunika kugula zina. Si zapafupi, mayi."

Mayiwa anadziwa tanthauzo lake. Masokosi anali ndi bere, ndipo mwana wa ng'ombe amene ankayembekeza kuti adzalowe m'malo mwa Nyenyezi anali atapita asanabadwe n'komwe. Anatembenukira kwa alamu awo. Aliyense ankadikira kuti pagwa mawu oopsa.

"Alamu, inu mwalakwa, chifukwa mukanangonena kuti simunamve. Koma wolakwa kwambiri ndine. Bambo awa anati ndibwere ndekha. Ng'ombe yanga sindinatumirepo munthu kuti akandimverere, nanga iyi ndinaiyesa chiyani?"

Sikuta inakhala m'galaja mpaka mwana wa ng'ombe uja atabadwa, kukula pang'ono, n'kugulitsidwa. Nthawi yonseyo Mai Likaka anabwerera ku njinga yakapalasa, ndipo anansi anapeza wina wowanyamulira mkaka. Tsiku limene a Chikopa ankamanga injini, mayiwa anafika m'mamawa, anayala chitenje pansi n'kukhala pambali pawo. Anafunsa dzina la chitsulo chilichonse. Anamasula okha kachitsekerero kaja, anapima, anathira oyilo, anaphunzira kuyeretsa pulagi ndi kumva tayala ngati lachepa mpweya. Anafunsa mpaka a Chikopa anayamba kuyang'ana kunjira ngati mlangizi uja.

A Daisoni dzina lawo lenileni linaiwalika. Kuyambira tsiku lija pagalaja, aliyense ankangowaitana kuti a Kandimverere. Munthu akabwera ndi uthenga wopindika kuchokera kumsonkhano, kuchipatala kapena kumaliro, anthu ankati, "Kandimverere anakanena za m'maluwa."

Mwambi wake ndi umenewo, ana inu: Kandimverere anakanena za m'maluwa. Tanthauzo lake n'lakuti nkhani imene ikukhudza iwe, pita ukaimve ndi makutu ako. Wotumidwa amapita ndi miyendo yake, koma mtima wake uli ndi zofuna zakezake. Panjira amaona zina, amamva theka, ndipo pobwera manyazi amamuletsa kunena kuti sanamve, choncho pamene pasoweka mawu amaikapo ake. Iye sataya kanthu. Wotaya ng'ombe ndi iwe. Ndipo iwe amene watumidwa, ngati sunamve, nena kuti sunamve, chifukwa a Daisoni akanatero, bwenzi Mai Likaka atapita okha m'mawa mwake.

Duwa lija Mai Likaka analidzala pakhomo, pamthunzi, ndipo linkalandira madzi m'mawa uliwonse. Linakula bwino kwambiri, mpaka odutsa ankaima kuliyamikira. Mlendo akafunsa chinsinsi chake, Mai Likaka ankayankha akupukuta kandodo ka oyilo pansanza kuti, "Limeneli lokha ndi limene uthenga wake unafika wonse."