Chipata cha ku Manda Akale

Panali munthu wina, a Kachingwe, amene anabadwira m'mudzi wa patsinde pa phiri. Kumeneko kunali mtsinje wosaphwa. Ana ankatola masuku pochokera kosamba, ndipo nyengo ya dzinja mango ankangowolera pansi, kusowa wowadya.

Chaka china boma linati dera lonselo likhale nkhalango yosungira nyama. Anthu anasamutsidwa. Anasenza zitseko, mitondo ndi nkhuku zawo, koma manda sakanatha kuwasenza. Kenako boma linamanga mpanda wa waya.

A Kachingwe atakalamba, anayamba kudula mpandawo. Ankadula pamalo amodzimodzi, n'kulowa, n'kutuluka dzuwa litapendeka. Mlonda wa nkhalango, dzina lake Tsogolani, ankalumikiza. Iwo ankadulanso. Tsiku lina njovu zinatulukira pampatapo n'kumaliza chimanga cha mabanja angapo. Anthu anatukwana alonda. Alonda anati anthuwo ndi akuba nyama. Tsogolani anauzidwa kuti agwire wodulayo.

Anabisala pathengo, ndipo ataona a Kachingwe akulowa anawatsatira, mfuti ili paphewa. Ankaganiza kuti akaona misampha. Koma mkuluyo anafika pansi pa mtengo wa mango, anathyola kanthambi, n'kuyamba kusesa manda.

"Agogo, mukudziwa kuti ndabwera kudzakumangani?"

"Ndikudziwa, mwana wanga. Ingondilola ndimalize mbali iyi. Apa pagona mkazi wanga, Nangondo. Apo ndi mayi anga. Kuseri kwa chulu icho kunali nyumba yathu. Madzulo Nangondo ankasinja pakhomo akuimba, mudzi wonse unkamva."

"Koma njovu zadya chimanga cha anthu chifukwa cha inu."

Mkuluyo anasiya kusesa.

"Zimenezo zandisowetsa tulo," anatero. "Koma ndizilowera pati?"

Tsogolani anatsamiritsa mfuti kumtengo, nayenso n'kuthyola kanthambi. Atamaliza kusesa anapita kwa mabwana ake yekha, wopanda womangidwa. Anamukalipira, koma iye sanaleke kupempha mpaka analola kuti pamalo odulidwa aja paikidwe chipata.

Anthu ndi alonda anakhala pansi, nagwirizana masiku olowa kukasesa manda ndi kukazula bowa. Mpanda sunadulidwenso. Amayi akaona msampha m'nkhalango ankauza alonda. Ndipo a Kachingwe atamwalira, maliro awo analowa pachipatapo, alonda atagwira nawo bokosi.

Tsono inu alonda amene mwabwera pa msonkhano uno wa malire, musanamutche munthu wakuba, yambani mwamutsatira muone kumene akupita. Nanunso a m'mudzi, mpata umene mumadula mobisa, amene amalira nawo ndi mnzanu wa munda wa m'mphepete. Chimene munasiya mkatimo musachibise mumtima. Chitchuleni pano, lero, tonse tikumva.