A Thebulo ndi Chibwenzi cha Nkhwangwa

Ana inu, mawu ena amene akuluakulu amatchula mosavuta anabadwira m'misozi ya munthu. Amene ndikuuzeni lero anabadwira m'nkhalango, pakati pa anthu ocheka matabwa.

Kalelo, makina ochekera asanabwere, kumapiri a ku Ntchisi kunali mwamuna wina dzina lake Kalilangwe. Iyeyu anali ndi masowo atatu ndi amuna asanu ndi mmodzi omugwirira ntchito. Ankagwetsa mibawa ndi milombwa, n'kugoneka chipika pamitanda pamwamba pa dzenje. Wina ankaima pachipikapo, mnzake m'dzenjemo, n'kumakokerana sowo mpaka dzuwa kupendeka.

Kalilangwe anali ndi pakamwa pa uchi. Munthu akamutchula kuti bwana, ankakwinya nkhope.

"Bwana ndani pano?" ankatero. "Ife ndife a bere limodzi. Chako n'changa, changa n'chako. Wina akadwala, tadwala tonse."

Wamkulu mwa antchitowo anali a Thebulo, amene anamuphunzitsa Kalilangweyo kugwira sowo asanakhale ndi lakelake. Kalilangwe ankawatchula kuti akulu anga, ndipo akazi awo, a Nasoko, ankawati alamu. A Thebulo ankakhulupirira ndi mtima wonse.

Chaka china kunabwera ntchito yaikulu, yocheka matabwa a denga ndi zitseko za tchalitchi chimene ankamanga kuchigwa. Mvula itagunda, amunawo anapempha kuti akadzale kuminda kwawo.

"Abale anga, m'bale samusiya mnzake katundu ali pamutu," anatero Kalilangwe.

Anakhala. Munda wa a Thebulo anadzala a Nasoko okha. Mwana wawo wamkazi atachira mwana wake woyamba, a Thebulo anapempha masiku awiri okha kuti akaone mdzukulu.

"Akulu anga, mukachoka inu, ife titsala amasiye," anawayankha.

Anakhalanso.

Tsiku lina mvula itangokata, akukweza chipika cha mbawa, mtanda wonyowa unaterera. Chipika chinagubuduka n'kupsinja mkono wamanja wa a Thebulo. Anzawo anamanga machila n'kuwanyamula ulendo wa kuchipatala, mtunda wa tsiku lathunthu. Kalilangwe anawaperekeza mpaka pamtsinje pokha, n'kubwerera, amvekere ntchito isaime. M'mawa mwake pamalo pa a Thebulo panaima munthu wina.

Miyezi itatu inatha. Kalilangwe sanaponde kuchipatala, sanaponde kumudzi, ngakhale kutumiza moni ndi munthu wodutsa. Bala linapola, koma mkono unapuwala, zala zinangopindika. Komabe a Thebulo ankamuikira kumbuyo.

"Watanganidwa," ankauza akazi awo. "Mng'ono wanga sangandiiwale. Kucheka sindingathe, koma kunola masowo ndi tupa ndingathe ndi dzanja limodzi. Tipite tikamuuze."

A Nasoko anangomanga mpango, n'kuwatsata pambuyo.

Anafika m'nkhalangomo dzuwa lili paliwombo. Anapeza Kalilangwe akukonzekera kukwera mbawa waukulu kuti akasadze nthambi mtengowo usanagwetsedwe. Kale ntchito imeneyi inali ya a Thebulo. Kalilangwe anawaona akubwera, koma sanawalonjere. Anakoleka nkhwangwa paphewa, n'kuyamba kukwera. Akakwera pang'ono ankaigwiragwira, kuona ngati yakhazikika. Pofika panthambi anaikumbatira pachifuwa ngati khanda, kuopa kuti ingapulumuke. Anasadza nthambi zonse, imodzi imodzi. Atadula yomaliza, anangoiponya nkhwangwayo osayang'ana n'komwe. Inagwera m'matope, thapsa! Iye anatsika manja ali pululu.

A Thebulo anamuyandikira, chipewa chili m'dzanja lamanzere.

"Mng'ono wanga, ndabwera," anatero. "Ndipatse ntchito yonola masowo. Njala yalowa m'nyumba, chifukwa munda sunalimidwe bwino."

Kalilangwe anayang'ana mkono wopuwalawo, n'kuyang'ana kumbali.

"A Thebulo, kuno n'kuntchito, si kosungirako olumala. Masowo timanola tokha."

"Koma ine ndine mkulu wako. Unanena wekha."

"Mkulu wanga? Kodi mayi anga ndi mayi anu anayamwa bere limodzi? Kulankhula n'kulankhula basi. Bwererani, mukutichedwetsa."

Masowo onse anasiya kulira. A Thebulo anangoima kukamwa kuli yasa. Munthu wamkulu, wa imvi, misozi inatsika anzake akuona.

Pamenepo a Nasoko anadutsa pakati pa amunawo, nakazula nkhwangwa ija m'matope. Anaiimika pamaso pa Kalilangwe, matope akudontha.

"Inu a Kalilangwe, amene munkanditi alamu, tayang'anani kuno," anatero mwaukali. "Ndakuonani mukukwera. Nkhwangwa iyi munaibereka, munaisisita, munaikumbatira. Nthambi zitatha mwaiponya ngati chikuni. Ndi mmene mwachitira ndi amuna anga. Pamene munkafuna mkono wawo anali akulu anu. Ine ndinadzala ndekha chifukwa cha ubale wanu. Mdzukulu wawo anakamuona atayamba kale kuseka, chifukwa cha ubale wanu womwewo. Lero mkono watha, ubale wathanso? Chibwenzi chanu n'cha nkhwangwa, chokoma pokwera!"

Kenaka anatembenukira amuna amene anali padzenje aja.

"Nanga inu, alamu anga enieni amene munasenza machila, mukuganiza kuti mwakolekedwa paphewa mpaka liti?"

Woyamba kusuntha anali Gwirize, amene ankakokerana sowo ndi a Thebulo zaka zonsezo. Anatuluka m'dzenje, utuchi uli mbuu kumutu, n'kusansa malaya ake.

"Ine sindidikira kuponyedwa," anatero.

Anzake anatsatira, mmodzi mmodzi, mpaka ndi uja analowa m'malo mwa a Thebulo yemwe. Kalilangwe anayamba kufuula kuti, "Abale anga! Abale anga, tiyeni tikambirane!" Koma mawu amenewo anali atasukuluka, palibe anacheuka. Anatsala yekha ndi masowo atatu, pamene sowo limodzi limafuna anthu awiri.

Amuna aja anasonkherana n'kupeza sowo lawolawo. A Thebulo ankawanolera atakhala pamthunzi, ndipo pogawana zimene apeza, gawo lawo silinkachepa. Nyengo yodzala ikafika, ankasiya kucheka n'kulima minda yonse mosinthana, kuyambira wa a Nasoko. Pakati pawo panalibe amene ankalalikira za ubale.

Mawu a mayi aja anayenda mudzi ndi mudzi, mpaka anasanduka mwambi umene mumaumva lero: chibwenzi cha nkhwangwa chikoma pokwera. Tanthauzo lake n'lakuti pali anthu amene amakukonda pokhapokha akufuna thandizo lako, ndipo akapeza chimene amafuna amakutaya. Inu mudzakula, mudzalembedwa ntchito, ena mudzalemba anzanu. Kukhala ngati banja pantchito n'chinthu chabwino, ndipo kumatheka. Koma wina akadzakuuzani kuti pano tonse ndife abale, musadzathamangire kuvomera. Mudzayambe mwamufunsa kumene ali munthu amene anavulala pantchitopo chaka chatha.