Fayilo Imene Inanama Kuti Yasungidwa

Kodi ntchito ya tsiku lathunthu ingasowe bwanji m'kompyuta, magetsi osazima, munthu osafufuta kanthu? Funso limeneli linazunguza aphunzitsi onse pa sukulu ina. Amene ankadziwa yankho anakhala chete.

Pa sukulupo panali alembi awiri. A Malunga anali akale. A Nachisale anabwera pambuyo, ndipo m'fayilo ya Excel yolembamo malikisi a ana anaikamo timalamulo totchedwa makro. Munthu akati atseke fayiloyo, makro inkayamba yaona ngati zolembazo zasungidwa. Ikapeza kuti ayi, inkakana kutseka, n'kulemba kuti, "Sungani kaye."

Ahedi anakondwa. Msonkhano uliwonse, dzina linali la a Nachisale.

"Mwaziona nzeru za anzanu, a Malunga?"

"Ndaziona, bwana. Masiku ano ndi kompyuta yomwe ikulalatira akuluakulu."

A Malunga anaseka, koma mumtima munkawawa.

Tsiku lina a Nachisale anathamangira kuchipatala ndi mwana wawo. A Malunga anatsegula makro ija n'kusintha mzere umodzi, kuti fayilo iziyankha kuti yasungidwa ngakhale isanasungidwe. Mumtima anati, "Adzalembe malikisi, adzatseke, zidzasowe. Tione ngati adzatamandidwenso."

Koma mwana uja anagonekedwa m'chipatala, ndipo malikisi a teremu yonse anagwera a Malunga, mawa lake sukulu ikutsekera. Analemba kuyambira m'mawa, aphunzitsi akuwapanikiza uku ndi uku. Dzanja lawo linali litazolowera kale kudikira chenjezo lisanasunge. Madzulo anatseka, fayilo inatsekeka mwakachetechete, iwo n'kunyamuka. Anakumbukira za mzere anausintha uja ali pa geti, malikisi onse atasowa kale.

Mawa lake makolo anabwera kudzatenga malipoti a ana, anabwerera chimanjamanja. Ahedi anafunsa chimene chinachitika. A Malunga sakanafotokoza popanda kudziulula, choncho analola kutchedwa osasamala. Anawachotsa pa kompyuta, n'kuwapatsa ntchito yopanga fotokope.

Abale anga, nsanje siona patali. Imagwetsa mpanda wa mnzako, osadziwa kuti ndi womwewo ukutchinga nyumba yako. Komanso sinamere yokha mwa a Malunga. Ahedi ankaithirira tsiku ndi tsiku, osadziwa.

Ine ndili ndi ana awiri, ndipo nkhaniyi imandisowetsa mtendere. Sabata yatha ndinapeza wamkulu, wa zaka zinayi, atabisa tinsapato ta mng'ono wake kuseri kwa ndowa. Nditamufunsa anangoti, "Alendo amakonda iyeyo." Sindinamukalipire. Ndinachita mantha.

Ndiye ndikupempheni. Mukabwera kwathu, wakhandayo munyamuleni ndithu, mumuyamikire mmene mungafunire. Koma mkulu wake akaima pakhomo akukuyang'anani, muitaneni ndi dzina lake, mumufunse mmene wadzukira.