Nyani ndi Kathumba ka Chimera

Kalekale, nyama zikuyankhula ngati inu ndi ine, panali Nyani wina amene anakwatira mwana wa Nguluwe. Mkaziyo anali Nasimango, ndipo amayi ake anali a Nangondo. Nyani anali pachikamwini pakhomo pa a Nangondowo. Tili limodzi?

Nyani ameneyu khasu sankaligwira. Ntchito yake inali kukhala pamwala m'mbali mwa njira, n'kumaonerera amtengatenga akudutsa ndi mitolo pamutu. Anaonerera mwezi umodzi, basi n'kudzitcha kapitawo wa katundu. Mtolo anali asanausenzepo ndi umodzi womwe, koma mukanamumva akufotokoza za kanyamulidwe, mukanati njira zonse za m'dziko analambula ndi iye.

Chaka china banjalo linasamukira kuseri kwa phiri, kumene a Nangondo anapeza munda waukulu. Mvula inali pafupi. Munda wotero sulimika ndi banja limodzi, choncho anaitana dima: anansi abwere tsiku lachisanu ndi chiwiri, adzalime, amwe mowa. Koma katundu anali akadali kumudzi wakale. Kunali makasu khumi, kunali mbiya ndi ufa, kunalinso kathumba ka chimera chofululira mowawo.

A Nangondo anaima kuseri kwa mpanda, poti mpongozi ndi mkamwini sapenyana m'maso, nati, “Nasimango, uwauze amuna akowo. Zaka ziwiri akhala akudya za m'nkhokwe mwanga. Amati amadziwa za katundu, ndiye akatenge katundu wanga. Mundawu ukapanda kulimidwa mvula isanagwe, apinde mphasa yawo abwerere kwawo.”

Nyani anamva, ndipo mantha anamugwira. Iye ankamukonda ndithu Nasimango, komanso kwawoko kunali miyala yokhayokha. Koma pakamwa pake panatuluka zina.

“Kantchito kameneko? Auze amayi agone tulo.”

Nasimango anati, “Bambo, mowa umafuna masiku asanu kuti upse. Chimera chiyambe kufika.”

“Iwe dziwa za mbiya, ine ndidziwe za ulendo,” anatero Nyani. “Lamulo la mtengatenga ndi limodzi: cholemera kwa wamphamvu, chopepuka kwa wofooka.”

Paja Ndidziwakale anamanga nyumba yopanda khomo.

Nyani anapita kumudzi wakale kuja, naitana onyamula atatu: Njati, Mbidzi ndi Bilimankhwe. Anawaimika pamzere, iye manja kumbuyo.

Anayamba ndi Njati, namupatsa makasu. Njati anafunsa, “Akufunika liti makasuwa?”

“Wonyamula safunsa tsiku, amafunsa kulemera. Senza.”

Anafika pa Mbidzi, namupatsa mbiya ndi ufa. Mbidzi anafunsa, “Zikufunika liti zimenezi?”

“Wonyamula safunsa tsiku, amafunsa kulemera. Senza.”

Anafika pa Bilimankhwe, namupatsa kathumba ka chimera. Bilimankhwe anatembenuza diso limodzi kwa Nyani, lina kwa kathumba.

“A kapitawo, kayendedwe kanga mukukadziwa. Chikufunika liti chimerachi? Bwanji osangokakoleka kathumbaka panyanga ya a Njati?”

Nyani anaseka mpaka kugwira m'mimba. “Kusakaniza cholemera ndi chopepuka? Umbuli ndi matenda ndithu. Nanga iwe unyamula chiyani? Wonyamula safunsa tsiku. Senza.”

Atatero anakwera pamsana pa Njati, manja ali lendelende, poti kapitawo sasenza kanthu.

Njati ndi Njati. Tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke, makasu anali atafika. Nyani anawandandalika pampanda kuti aliyense wodutsa awaone, ndipo anawapukuta ndi masamba mpaka anachita kung'anima. Makasu oti agwire ntchito tsiku lachisanu ndi chiwiri, iye ankanyadira kuti afika tsiku loyamba.

Tsiku lachiwiri Mbidzi anafika ndi mbiya ndi ufa. Nasimango anatunga madzi, nasonkha moto, naphika phala la mowa.

“Bambo, chimera chili kuti?”

“Chili m'njira.”

Tsiku lachitatu phala linali litazizira m'mbiya.

“Bambo, chimera chili kuti?”

“Chili m'njira.”

Tsiku lachinayi Nasimango anati, “Bambo, miyendo muli nayo. Kachichingamireni.”

“Ine? Kapitawo akasenza katundu, onyamula amupeputsa.”

Ndiye anakwera mumtengo, dzanja pachipumi, kuyang'ana njira ngati kuyang'anako kufupikitsa mtunda. Njati anali atapita kukagona m'matope. Mbidzi anali atapita kumsipu. Ntchito yawo anali atamaliza, ndipo palibe anawauza kuti pali china chofulumira.

Tsiku lachisanu mitambo inayamba kuda. Apo ndiye ukapitawo unathera, Nyani nauyamba wa liwiro. Anathamanga, nakwera phiri, natsika phiri. Bilimankhwe anakamupeza pakamtsinje ka kumudzi wakale komweko, mwendo umodzi uli m'malere, akuganiza poti aponde.

“Masiku asanu uli pompano?”

“Ndayendatu ine, a kapitawo. Chulu chija ndinachidutsa dzana. Ndinakufunsani tsiku, munati wonyamula safunsa.”

Nyani anatsomphola kathumba kaja. Kanali kopepuka moti anakanyamula ndi dzanja limodzi, dzanja lomwe lija linali lendelende pamsana pa Njati. Anafika nako kumudzi watsopano tsiku lachisanu ndi chimodzi, lilime lili panja. Nasimango anathira chimeracho m'phala.

Tsiku la dima linakwana. Anabwera Njiri, anabwera Nungu, anabwera ndi ena ambiri, aliyense khasu lake paphewa, monga amachitira padima paliponse. Makasu ong'anima aja palibe anawayang'ana. Njiri, amene anali wamkulu wa onse, anati, “Tilawe kaye, tidziwe chimene tikhetsere thukuta.”

Anatunga ndi chipanda, namwa, natsonya.

“Ili ndi thobwa.”

Nyani anayamba kufotokoza. “Akuluakulu, mwa lamulo la mtengatenga katundu yense wafika. Palibe chasweka, palibe chatayika. Taonani makasu...”

“Makasu tabwera ndi athu, achimwene,” anatero Nungu. “Ife tasiya minda yathu mitambo ili chonchi, kuti tidzamwe thobwa ngati ana? Mowa ukadzapsa mudzamwe nokha.”

Anatembenuka onse, makasu paphewa, nabwerera kuminda yawo.

Kuseri kwa mpanda kunamveka mawu a a Nangondo, ozizira bwino. “Nasimango, uwathokoze amuna akowo. Makasu anafika msanga zedi. Asankhepo limodzi.”

Nyani anasankha khasu, nalowa m'munda yekhayekha. Anaunga mzere woyamba, msana unayamba kuwawa. Anaunga wachiwiri, m'manja munatuluka matuza. Ali pakati pa wachitatu, mvula inayamba kugwa, ndipo munda wonse unali chikhalire ndi udzu wake. Anatembenuka, naona Nasimango ataima kumalire a munda, mphasa yopindapinda ili m'manja. Mkaziyo maso anali ofiira, koma mawu sananjenjemere.

“Nayi mphasa yanu, bambo. Ndi yopepuka, koma musampatse Bilimankhwe. Ikufunika lero.”

Nyani anasenza mtolo wake, nalowera kumiyala ya kwawo mvula ikumukwapula. Mpaka lero mukadutsa m'phiri mudzamuona atakhala pamwala, akuyang'ana katundu wa eni ake akudutsa m'njira, n'kumapukusa mutu ngati alipo amene wamufunsa nzeru.

Ndiye inu mukamatumiza katundu, musayambe ndi kufunsa kuti cholemera ndi chiti. Yambani ndi kufunsa kuti chikufunika msanga ndi chiti, ndipo wonyamula akakufunsani tsiku, muyankheni.

Nthano yanga yatula mtolo wake pamenepa. Amene anaika mbatata paphulusa akaiphule, isanapserere.