Thanthwe Lokana Kubweza “Kwathu”

Akuluakulu a kuphiri la Chisasa amanena kuti makolo awo anachokera kumpoto, kudambo la Chitowe, kumene anathawa nkhondo chimanga chili m'munda. Mmodzi mwa othawawo anali Kamtedza wa mfunda wa Mwale, mwana wa Nachisale, mdzukulu wa Mkwaila woumba mbiya. Mlongo wake Mwandida, yemwe anali woyembekezera ndipo masiku ake anali atayandikira, sakanatha ulendo, choncho anatsala m'manja mwa azamba. Potsazikana Kamtedza anati, “Mlongo wanga, mvula ikangokata ndidzakutenga.” Mvula inakata, inagwanso, mpaka mutu wake unachita imvi njira isanatseguke.

Pa Chisasa Kamtedza anatchuka ndi pakamwa. Anzake ankafika pabwalo ndi mkwiyo wokhawokha, koma iye ankafika ndi timiyala. Mlandu ukayandikira, ankayamba wadutsa kumtondo kumene amayi amaimba madandaulo awo, kenako kwa osula makasu ndi kumadimba, akungomvetsera. Akamva mfundo yogwira mtima, ankatola kamwala n'kuika m'thumba lachikopa, ndipo pa mfundo ya omutsutsa ankatola kakuda, kuti adzaiyankhe eniake asanaitchule. Pabwalo ankaponya pansi kamodzikamodzi, moti thumba likamatha, ngakhale munthu wamakani anali atavomera kale.

Tsono mbiri inafika yoti nkhondo yatha, ndipo akuluakulu anaitanitsa mudzi wonse kuti ugwirizane chimodzi, kubwerera ku Chitowe kapena kukhala. Kamtedza anali atakalamba, ndipo ankadziwa kuti ulendo wodutsa m'nkhalango za mikango sangauyende yekha. Mudzi ukakana, Mwandida sadzamuonanso. Apa ndiye pamene katswiri uja anaphonya, pakuti kumtondo sanapondeko. Ankati mfundo zonse ali nazo kale mumtima, n'kumvetseranji nyimbo za ana adzulo? Anakwera phiri yekha n'kutola kamwala ka dothi lakuda la ku Chitowe, ka milamba ya m'dambo, ka manda a makolo amene anali atamera tchire, ndiponso kena koyera ka mlongo wake. Kakuda ka omutsutsa sanatoleko n'kamodzi komwe.

Tsikulo litakwana anaimirira, anaomba m'manja mwaulemu, ndipo anayamba ndi mawu amene anawasunga zaka zonsezo: “Abale anga, takhalitsa pano. Dzukani, tiyeni kwathu!”

Mayi wina dzina lake Nambewe, wobadwira pa Chisasa pomwepo, anadzuka, anabereka mwana wake, n'kulunjika kunyumba kwake. Anzake nawonso anayamba kusansa nsalu zawo.

“Kodi mukupita kuti, mayi?” anafunsa Kamtedza.

Nambewe anagwada. “Kwathu, a Mwale. Si mwati tizipita? Ndasiya nyemba pamoto.”

Sichinali chipongwe ayi, mayiyo analoza nyumba yake ndi mtima wonse. Ena anaseka, koma Kamtedza anayang'ana khamu lija n'kuona kuti odziwa Chitowe anali nkhalamba zochepa zoyendera ndodo, ndipo ena onsewo michombo yawo inakwiriridwa patsinde pa phirilo. Chisoni chinamugwira. Anamanga thumba lake osaponya kamwala, n'kukhala pansi, ndipo mudzi unakhala.

Kuyambira pamenepo, mvula ikakata, ankakwera pathanthwe loyang'ana kumpoto n'kulankhula mfundo zake zonse mwadongosolo, ngati kuti bwalo ladzaza. Thanthwelo linkamubwezera liwu lililonse, koma akafika pa lakuti “kwathu” linkangoti zii. Timiyala tonse anatiponya pamenepo kupatula koyera kaja, kamene anamwalira ali nako m'dzanja, ndipo anthu sanathe kukatulutsa.

Thanthwelo lilipo mpaka lero, ndipo ankhoswe amakayeserapo mawu awo asanapite kumlandu, koma amayamba adutsa kumtondo. Mukafuula dzina lanu, limakubwezerani. Mukafuula kuti “kwathu” simumva kanthu, ndipo akuluakulu amati liwulo limapitirira kumpoto, kukafunafuna Mwandida.