Zilembo za pa kathumba

Atapuma pa ntchito, Aphunzitsi anatsala ndi zinthu ziwiri: dzina la uphunzitsilo ndi dziwe la nsomba kuseri kwa nyumba. Dziwelo anawasiyira ndi mwana wawo amene ankagwira ntchito kutali, ndipo ankalisamalira limodzi ndi mpongozi wawo, mkazi wa mwanayo.

Nsomba zitayamba kupinimbira, mlangizi wa zaulimi anabweretsa kathumba ka ufa wa mavitamini wosakaniza ndi chakudya cha nsombazo.

"Muyeso wake alemba pakathumbapo, bambo. Nanga inuyo ndingakuphunzitseni kuwerenga?" anatero mlangiziyo. Onse anaseka, iye n'kukwera njinga yake.

Komatu maso a Aphunzitsi anali atachita nkhungu, ndipo sanauzepo munthu. Anakayandikitsa kathumbako, kukatalikitsa, zilembo zili ngati nyerere basi.

"Bambo, ndikuwerengereni?" mpongozi anafunsa chapansipansi.

"Zaka makumi atatu ndikugwira choko, lero ondiwerengera mukhale inu?"

Pamene panalembedwa supuni imodzi pa ndowa ya chakudya, iwo anathira kapu yodzaza. Chakudya chinasintha kakomedwe, nsomba n'kumangochinunkhiza. Poona kuti sizikudya, anati matenda akula, nawonjezeranso ufa. Zotsala zinkamira n'kumawolera pansi, madzi anada bii, kafungo n'kuyamba. Mpongozi ankaona zonse, koma wokalipidwa kamodzi amasunga pakamwa pake.

Sabata yachitatu, m'mawa, anapeza nsomba zili mbuu pamwamba pa madzi, mimba kumwamba. Aphunzitsi ndi mpongozi uja anazivuula, nazikwirira m'dzenje. Ali mkati mofotsera, foni inalira. Anali mwana wawo uja.

"Bambo, nsomba zathu zikunenepa? Ndikubweratu mwezi wamawa tidzakolole."

Aphunzitsi anadula foni n'kukhala pansi padothi lonyowalo.

"Mayi," anatero potsiriza, "maso angawa anatha kalekale. Pakathumba paja sindinaonepo kanthu."

Mpongozi anatsamira khasu, misozi ili lengelenge.

"Ndinkadziwa, bambo. Nyuzipepala mumaigwira mozondotsa. Ndinkangoopa kukuchititsani manyazi."

Onse awiri anayang'ana dziwe lopanda ngakhale kamodzi kophiriphitha. Wina anachita manyazi kupempha, wina anachita manyazi kunena, ndipo thukuta la chaka chonse linathera m'dzenje. Akuluakulu sananame: mbewa ya manyazi inafera kuuna.